Nsanza ya pa Chiwongolero

"Ikangokwana 4 koloko ndiimbira apolisi, ndipo kalata yake ndiing'amba iye akuona!"

Amenewo anali a Wapampando a kalabu yathu, akubwebweta pabwalo la ofesi, thukuta lili kamukamu, foni ili m'manja. Chala chawo chinali pa Nawaya, mwana wamkazi wa achimwene anga. Dzinalo anampatsa ndi anzake kusukulu ya zaumisiri chifukwa m'matumba mwake simusowa tizidutswa ta waya. Anali ataima pafupi ndi minibasi, manja ali m'matumba a ovolosi.

Ine ndinagwira upolisi wa pamsewu zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndiye mpaka lero anthu amanditchula kuti a Sajeni. Nditapuma pantchito ndinalowa kalabu yothandiza anthu m'dera lathu, poganiza kuti ndapumanso kwa anthu abodza. Ndinadzinamiza. Timapenta mizere yowolokera ana pamsewu, timakonza njinga za olumala, timaitana anthu kukapereka magazi, ndipo Lachisanu lililonse masana timanyamula okalamba kupita nawo kuchipatala kukawongola miyendo. Ntchito yotsirizayi imadalira minibasi yoyendera magetsi imene kampani ina inatipatsa miyezi itatu yapitayo. Woyendetsa ndi kuisamala ndi Nawaya. Kampaniyo inali itamulonjeza maphunziro a chaka chathunthu, bola a Wapampando asaine kalata yomuchitira umboni. Mawa lake akuluakulu a kampani ankabwera ku chionetsero chathu cha tsogolo la magalimoto, kudzaona minibasi ndi kutenga kalatayo.

Tsono Lachisanu limenelo, 1 koloko itangopitirira, minibasi inakana kuyaka.

"Tsitsani mawu, a Wapampando, agogowa si onse ogontha," ndinatero. Pabenchi ya pansi pa mtengo panali okalamba asanu ndi mmodzi, ndodo zili m'manja, akudikira ulendo. "Iwe Nawaya, chasowa n'chiyani?"

"Pulagi yaikulu, azakhali."

Anatukula mpando wakumbuyo n'kundionetsa kadzenje kopanda kanthu. Pamenepo pamakhala chinthu chachikasu mofiirira, kukula kwake ngati chibakera, cholumikiza batire lalikulu. Chikachoka, galimoto sisuntha. M'sitolo sichipezeka, ndipo kuitanitsa china ndi masabata asanu ndi limodzi.

"Loko ndi wabwinobwino, galasi silinasweke," a Wapampando anayambiranso. "Makiyi amasunga ndani? Amadziwa pokhala chinthucho ndani?"

Ndinawayankha: "Tonse amene tinali pa phunziro lake la minibasiyi sabata yatha. Anatilozera n'kunena kuti wina asadzakhudze. Inunso munalipo, kungoti munkawodzera."

"Akufuna kundichititsa manyazi pamaso pa alendo! Anayamba kale mwano mwana ameneyu."

Mwano umene ankanenawo ndinkaudziwa. Nawaya anakana kuwanyamulira matumba a simenti m'galimoto ya okalamba. Mtima unandiwira, koma ndinaumeza mkwiyowo, ndinagwada n'kusuzumira kunsi kwa minibasi. Chakutsogolo, pakati pa matayala, panali katoni yophwatalala, yoyalidwa bwino, yopanda dontho lililonse. M'mbali mwake munali chithunzi cha mipukutu ya ulusi.

"Waika ndiwe katoniyi?"

"Ayi."

"Ilipo kuti ilandire chiyani? Ikudontha?"

"Palibe chodontha, azakhali. Mulibe injini ya mafuta umu."

Anandiyankha akuyang'ana khoma. Mwana ameneyu ndinamusambitsa ndi manja angawa, ndipo chibadwire sanandibisirepo maso.

* * *

Mlonda wathu wa masana ndi munthu woti ukamufunsa nthawi amayamba wakufotokozera kumene anagula wotchi. Ndinamupeza pageti atavula chipewa kale.

"Kunena zoona, a Sajeni, ine pageti pano sindichoka. Mvula, dzuwa, ine ndili pompano."

"Lero munachoka?"

"Kuchoka kwenikweni ayi. Kungoti a Wapampando anandituma kukasiya mipando kuholo, kuja anthu amapereka magazi. Wilibala yakenso ija tayala lake limalira, ndinawauza chaka chatha kuti..."

"Nthawi yanji?"

"Ndinanyamuka 9 koloko. Maulendo awiri. Pobwera komaliza 10 inali itadutsa."

"Geti munakhoma?"

Anakanda pamutu. "Ndinalikankha bwinobwino."

"Kukankha si kukhoma, bambo inu! Mutabwerako munaona chiyani?"

"Palibe, a Sajeni. Bata lokhalokha. Ndinangopita pagalasi la minibasi kukaona ndevu zangazi, poti galasi lake ndi loyera kuposa la kunyumba. Ndiye ndinati, eee, ayamba kale kukongoletsa za mawa."

"Kukongoletsa chiyani?"

"Kansalu kobiriwira kaja anamanga pa chiwongolero."

Ndinatembenuka kuyang'ana minibasi. Pa chiwongolero panalibe kansalu kalikonse.

Nsanza ya pa chiwongolero ndinkaidziwa. Malemu bambo athu anali makaniko, ndipo pagaraja pawo panali lamulo limene ana tonse tinalidziwa tisanadziwe kuwerenga. Ukakhuthula oyilo, kapena ukachotsa chinthu choti galimoto siyenera kulizidwa, umamanga nsanza pa chiwongolero, mfundo ziwiri, kuti wina asabwere n'kupotokola kiyi. Nsanzayo samasula wina aliyense koma amene anaimanga. Wophunzira wina anaiwalapo, injini ya lole inapsa, ndipo bambo anamuthamangitsa ndi paipi mpaka kumsewu.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti bambo anaphunzitsa anthu ambiri. Mmodzi wa iwo anali membala wa kalabu yathu, ndipo minibasiyo ankadana nayo poyera.

* * *

A Masipeya amagulitsa zipangizo za magalimoto kuseri kwa siteji ya mabasi. Pa phunziro la Nawaya ndi amene anaimirira n'kunena kuti galimoto yosalira ndi firiji ya matayala. Ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira, akumwa chakumwa chotsekemera, nkhope ili mbuu.

"Ndamva kale!" anakuwa ndisanapereke moni. "Mwabwera kwa ine chifukwa ndine wolongolola eti? Taonani mashelefuwa, a Sajeni. Sefa za oyilo, malamba, mapisitoni, magasiketi. Firiji yanuyo ifuna chiti apa? Matayala ndi madzi otsukira galasi, basi! Akuti zaka khumi zikubwerazi misewu yonse idzakhala imeneyi. Ndiye ife tidzadya mawaya? Ndipo kalabu yanga yomwe ndiye ikuimbira m'manja!"

"Munali kuti kuyambira 9 mpaka 10 koloko?"

"Ine ndikanafuna kuiwononga ndikanaiyatsa moto masana, inu mukuonerera. Kuba ndi kwa amantha."

"Ndafunsa kuti munali kuti."

Anatambasula mkono n'kundionetsa pulasitala popindira pake. Mawu anatsika pang'ono. "Kuholo. Anandibaya cham'ma hafu eyiti. Nditaona thumba likudzaza, dziko linazungulira. Anesi anandigoneka pabenchi miyendo m'mwamba mpaka 12 koloko, anthu onse akudutsa n'kumandiseka. Mukauza munthu, chibale chatha."

"Mboni?"

"Holo yonse! Funsani Nawaya wanuyo, ndi amene amandikupiza ndi kabuku nthawi yonseyo, uku akundiphunzitsa za mabatire. Munthu ukufa, wina akukuuza za mabatire."

Ine m'mawa wonse ndinali ndi gulu lopenta msewu, ndiye zakuholo sindinazione. Mawu amenewa anandimasula pachifuwa: nthawi imene geti linali lokankha, Nawaya anali kutali ndi minibasi. Koma ndinkadziwa zimene a Wapampando anganene, zoti anapatsa mnzake makiyi.

"Anavala chiyani?"

"Mwayamba kundifunsa zovala za atsikana? Sikipa ya kalabu ngati tonse, ndi siketi. Siketiyo ndiye ife ayi."

Makiyi a minibasi sachoka m'thumba la ovolosi yake. Ovolosiyo akapanda kuivala imakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, kunyumba kwa bambo ake.

* * *

Moyang'anana ndi geti la kalabu muli telala, mayi wosachedwa ndi mawu. Makina ake ali pakhonde, ndiye palibe chodutsa mumsewumo chimene samachiona. Ndinaponya katoni ija pathebulo pake.

"Yanga," anatero, mapini ali pakamwa. "Munabwera ulusi."

"Inafika bwanji pansi pa minibasi?"

"Ilibe miyendo."

"Mayi, nthawi ndilibe. Mwana akumangidwa 4 koloko."

Analavulira mapini m'dzanja n'kuimitsa makina. "Amakaniko amatenga nsanza m'thumba la zidutswa ili tsiku ndi tsiku. Sindiwerenga. Koma wopempha katoni lero ndi mmodzi."

"Anatenganso kansalu kobiriwira?"

"Kotsala pa yunifolomu ya sukulu."

"Ndani?"

Anandiyang'ana kanthawi, ngati akundiyeza diresi.

"Masiku onse amayamba wandiseka kuti ndimasoka mokhota. Lero sanaseke. Achimwene anu, a Sajeni."

* * *

Nawaya ndinamupeza kuseri kwa ofesi, pampopi, akusamba m'manja moyera kale.

"Tulutsa."

"Chiyani, azakhali?"

"Usandipusitse, iwe! Ndagwira madalaivala obisa laisensi m'sokosi. Tulutsa chili m'thumbamo."

Anatulutsa kansalu kobiriwira, kokwinyika pamene panali mfundo. Misozi inalengeza koma sinagwe.

"Nditangoona mfundo zake ndinadziwa," anatero. "Ndinamasula a Wapampando asanafike."

"Ndiye ungokhala duu mpaka akuveke unyolo?"

"Akandimanga ine adzanditulutsa, chinthucho ndilibe. Koma zikamveka kuti bambo anaba m'galimoto, ndani adzawasiyirenso kiyi? Garaja yawo ija yatsala ndi dzina lokha, azakhali."

"Nanga maphunziro ako? Kampani itenga munthu amene wagona m'chitokosi chifukwa cha galimoto yawo yomwe?"

Anangopukuta manja pa ovolosi.

"Ndi bambo anga."

"Anali achimwene anga iwe usanabadwe, ndipo lero andimva." Ndinamulanda kansaluko n'kunyamuka. Nthawi inali itadutsa 3 koloko.

* * *

Garaja ya achimwene ndi yomweyo ya bambo athu. Masipanala ali pa bolodi mwa msinkhu wake, iliyonse pa chithunzi chake chopenta. Fungo la oyilo wakale linalowerera m'makoma. Maenje awiri okonzerapo magalimoto anali opanda kanthu, osesedwa mpaka m'makona. Achimwene anali pabenchi akupukuta kabureta yonyezimira kale.

"Sajeni! Wabwera kudzandimanga?" anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha.

"Lole ija ili kuti? M'mawa munati simupita kukapereka magazi chifukwa muli ndi lole ya giyabokosi."

"Mwini wake anasintha maganizo."

Ndinaika kansalu kaja pabenchi, pambali pa kabureta. Dzanja lawo linaima.

"Mwayala katoni pansi pa galimoto yopanda oyilo, achimwene. Mwamanga nsanza pa chiwongolero. Kunangotsala kuti musiye chiphaso chanu pampando!"

Poyankha, ankayankhula ndi kabureta.

"Manja anachita okha. Sindikhudza galimoto ndisanagone pansi kuiona kumimba. Ndipo nditachotsa chinthu chija ndinaopa. Ndinati mwana akabwera n'kuyatsa, mwina magetsi amumenya. Zinthu zimenezi sindizidziwa ine."

"Simuzidziwa, koma kuba mwadziwa!"

"Sindinabe! Ndimati ndibwezera Lamlungu." Anamenya benchi, masipanala analira pa bolodi. "Unalipo pa phunziro lija. Mwana wanga, wobala ine, anaima kutsogolo n'kumawerenga pa zala: safuna oyilo, safuna sefa, safuna lamba, safuna kabureta. Chala chilichonse chinali mbale ya chakudya imene inamulera iyeyo. Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, Sajeni, ndikanatani? Zaka makumi anayi ndikudziwa matenda a injini ndi khutu lokha. Lero akubweretsa galimoto yoti ulibe chomvera."

"Ndiye?"

"Ndiye ndimati mawa ikakana pamaso pa mabwana awo, afunse kuti kodi pano pali makaniko? Ndibwere ndi kapikapu kanga ka dizilo, ndiikoke onse akuona. Adziwe kuti zakalezi zikadakoka." Anakankhira kabureta pambali. "Mwinanso mwanayo akanakhala. Garaja iyi ndimusiyira ndani?"

Chisoni chinandigwira, sindikana. Koma mkwiyo unali waukulu kuposa chisonicho, ndipo ndinaulola kuti utuluke wonse.

"Agogo asanu ndi mmodzi akhala pabenchi kuyambira 1 koloko chifukwa inu mukufuna kuombedwa m'manja! A Wapampando akuimbira apolisi 4 koloko. Mukudziwa akumanga ndani? Nawaya! Kalata yake akuing'amba. Ndipo chitsiru cha mwanacho chinabisa nsanza yanu m'thumba, chakonzeka kukagona pasimenti kuti dzina lanu lisade. Inu muli pano kupukuta chitsulo chakufa!"

Nkhope yawo inagwa. "Nawaya? Iye walakwa chiyani?"

"Makiyi ndi a ndani? Simunaganize? Mutu wonsewo ndi wosungira chipewa?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa chitini cha mabisiketi. M'katimo munali pulagi ija, yokulungidwa m'thawulo loyera. Anandikankhira.

"Tenga. Ukanene kuti waipeza m'ngalande."

"Kuti anthu azinena kuti mwana anaba, azakhali ake apolisi n'kumubwezera mwakachetechete? Akhala wakuba mpaka imvi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri sindinalembepo lipoti labodza, sindiyambira pa inu. Valani nsapato."

"Sajeni, ndine mkulu wako."

"N'chifukwa chake sindikukukokani ndi kolala. Tiyeni."

* * *

Tinafika pabwalo kutatsala mphindi zisanu kuti ikwane 4 koloko. Nkhani inali itawanda, mamembala anali atadzaza, a Masipeya nawo atatsamira geti ndi pulasitala wawo. Achimwene anaima kumbuyo kwa anthu. Njira yonse sanandiuze ngati ayankhula kapena ayi, ndipo ine sindinawafunse.

Ndinapereka pulagi kwa Nawaya. Anthu anang'ung'udza.

"Ehe!" a Wapampando anadumpha. "Yatuluka! Wakulozerani pamene anabisa eti? Pachibale mwakambirana. Kubweza sikufafaniza kuba, a Sajeni, inu mukudziwa bwino. Ndikuimbabe."

Ndinakwera m'minibasi, ndinatulutsa kansalu kobiriwira n'kukamanga pa chiwongolero, mfundo ziwiri, mmene mlonda anakaonera. Kenako ndinatsika n'kusiya chitseko chotsegula.

"Amene anachotsa pulagi anasiya ichi," ndinatero. "A Masipeya, inu munaphunzira kwa bambo athu. Auzeni anthuwa lamulo la nsanza."

Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, a Masipeya anayankhula motsitsa. "Galimoto ya nsanza siyatsidwa. Ndipo amamasula ndi amene anamanga."

"Mwamva. Minibasi iyi sichoka pano, agogowa sapita kuchipatala, mpaka mwini nsanza amasule."

Nawaya anaponya phazi kutsogolo. Ndinamugwira mkono mwamphamvu mpaka anatsinzina. "Ukasuntha ndikuthyola," ndinamunong'oneza.

Gogo wina anatsokomola. A Wapampando anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana foni. Ine ndinkayang'ana pansi, chifukwa ndinkaopa kuti ndikayang'ana kumbuyo ndipeza achimwene atapita, ndipo sindikanawakhululukira mpaka kumanda.

Kenako ndinamva nsapato zolemera pamiyala. Anthu anapatuka. Achimwene anadutsa pakati, chipewa chili m'manja, n'kukwera pampando wa dalaivala. Zala zimene zimamasula manati otentha osaphethira zinalimbana ndi mfundo ziwiri za kansalu. Atamasula anatsika n'kuima pamaso pa a Wapampando.

"Makiyi ndinatenga m'ovolosi yake iye ali kuholo, ndipo ndinabwezera asanafike. Mwanayu sanachite kanthu. Imbani, a Wapampando, ndili pano."

Chala cha a Wapampando chinali pa foni.

"Imbani ndithu," ndinatero. "Akabwera ndiwafotokozeranso amene anachotsa mlonda pageti, ndi nkhani ya simenti ija, kuti mawa a kampani adzamve zonse pamodzi. Apo ayi, za achimwenewa tikaweruze mu komiti, achotsedwe kapena atani, ine sindiwaikira kumbuyo. Koma kalata ya mwanayu musaina pompano."

Foni inalowa m'thumba. Anasaina atatsamiritsa pepala pa galasi la minibasi, cholembera chikuboola ndi mkwiyo.

Nawaya sanathokoze munthu. Anavala magolovesi ake okhuthala, n'kuuza aliyense kuti asendere kutali, ndipo anabwezera pulagi pamalo pake mpaka inamveka kuti khe. Tinakweza okalamba mmodzimmodzi, ndodo zawo pansi pa mipando. Iye anakhala pa chiwongolero n'kudina batani. Timagetsi tinayaka kutsogolo kwake.

Achimwene anali ataima kutsogolo kwa minibasi, kansalu kali m'dzanja, mutu atapendeketsa, khutu atalozetsa ku boneti monga amachitira moyo wawo wonse, kudikira kuti amve injini ikulira. Anadikira. Palibe amene analimba mtima kuwauza.

Nawaya anatsitsa galasi. Maso anali ofiira, koma mawu sananjenjemere.

"Yayaka kale, bambo. Chokani kutsogoloko, agogowa achedwa."